Ndani anadyetsa alendo?

Ana a kuno ku Angónia amamva dzina la Blantyre akali ang'ono. Amalimva pa wailesi. Amalimva kwa amalume amene amapita kukagulitsa mbatata ya kacewere ku Malawi. Tsiku lina mwana amafunsa kuti: "Kodi Blantyre anamanga ndani?" Akulu ambiri amayankha msanga kuti: "Anamanga azungu." Yankho ili ndi lalifupi kwambiri. Lili ngati nsima yopanda ndiwo. Mwana ayenera kumvanso za munthu amene anaonetsa njira, za mfumu imene inapereka malo, za amayi amene anasinja ufa, ndi za abambo amene anasenza katundu pamutu. Anthu awa anali ndi maina, ndipo maina ena akudziwikabe.

Nkhaniyi inayamba kutali, tsidya lija la nyanja yaikulu ya mcere. M'mwezi wa Meyi caka ca 1607, Angelezi 104 anafika ku America pa zombo zitatu. Onse anali amuna ndi anyamata. Anamanga mudzi m'mbali mwa mtsinje, naupatsa dzina lakuti Jamestown, potengera dzina la mfumu yao James. Malo anasankha oipa. Panali madambo ndi udzudzu, ndipo madzi ake anali amcere. Ambiri a iwo sanadziwe kugwira khasu. Anabwera ndi maganizo opeza golide, koma golide kunalibe. Pofika Januwale 1608, amoyo anatsala 38 okha.

Nanga otsalawo anadya ciani? Anadya cimanga. Cimangaco cinacokera kwa eni dziko, anthu a mfumu Powhatan. Nthawi zina ankagula ndi mikanda ndi mkuwa. Nthawi zina ankalanda ndi mfuti. Eni dziko atatopa nazo, analeka kubweretsa cakudya. Pamenepo njala inagwa, m'nyengo yozizira ya 1609 mpaka 1610. Alendo aja anadya akavalo, agalu ndi makoswe. Mwa anthu mazana angapo, anatsala ngati 60.

Caka ca 1620 Angelezi ena anafika pa malo ena, dzina lake Plymouth. Anali 102, pa combo ca Mayflower. Theka la iwo linamwalira m'miyezi yoyamba. Otsalawo anaphunzira kubzala cimanga kwa mwini dziko wina, dzina lake Tisquantum. Cimanga cimeneci ndi mbeu yomweyi imene imadzaza nkhokwe ku Tsangano ndi ku Domwe, pakuti kwao kwa cimanga ndi ku America.

Jamestown inakhala ndi ndalama itayamba kulima fodya. Fodya amafuna malo ambiri ndi manja ambiri. Malowo analanda kwa eni dziko. Ndipo caka ca 1619 kunafika anthu akuda oposa 20, ogwidwa ku Angola ndi kukwezedwa m'combo ca Apwitikizi. Mwana amvetse bwino ndondomeko iyi, cifukwa adzaionanso pafupi ndi kwao. Mlendo afika ndi njala. Mwini mudzi amupatsa cakudya. Mlendo akhuta, nayamba kuyeza minda.

Mathithi a Cahora Bassa

Patapita zaka zoposa 200, munthu wina wa ku Scotland anafika ku Tete. Dzina lake anali David Livingstone. Anafika koyamba caka ca 1856, akuyenda pansi kucokera kumadzulo. Anabweranso caka ca 1858 ndi sitima ya pamadzi. Iye ankafuna kuti mtsinje wa Zambezi ukhale mseu wa anthu a kwao, kuti azikwera nao kukamanga midzi kumtunda. Koma mathithi a Cahora Bassa anamukaniza. Sitima sikanatha kudutsa pamiyala paja. Conco anatembenuka, nalowa mu mtsinje wa Shire caka ca 1859. Miyala ya m'cigawo ca Tete ndiyo inatumiza Angelezi ku mapiri a tsidya lija la Shire.

Pano pali kanthu kena kofunika kudziwa. Anthu a kuno onse olankhula Cingelezi ankawaika m'gulu limodzi, kuti Angelezi. Koma ena anali a ku England, ena a ku Scotland. Maiko awiriwa ali pa cisumbu cimodzi, ndipo anali pansi pa mfumukazi imodzi, Victoria.

Mudzi woyamba unamangidwa caka ca 1861 pa Magomero, pafupi ndi phiri la Chiradzulu. Anaumanga a mishoni ocokera ku England, motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Ali panjira, pa mudzi wa Mbame, iwo ndi Livingstone anakumana ndi anthu 84 omangidwa, akupita nao ku ukapolo ku Tete. Ena anali ndi magoli m'khosi. Anawamasula. Ici cinali cinthu cabwino, ndipo mwana auzidwe momwemo. Mfumu ya Amang'anja, a Cigunda, inawaitana kuti akhale pa malo ake.

Moyo wa pa Magomero unali wotani? Nyumba zinali za mitengo, dothi ndi udzu, monga nyumba za m'mudzi. Kuzungulira anamanga mpanda. M'mawa ankapemphera, kenaka ankaitana maina a anthu onse, nagawa cakudya. Anthu odya anali ambiri, ndipo a mishoni analibe nkhokwe. Cimanga, ufa, nkhuku ndi mbuzi ankagula kwa anthu a m'midzi, polipira ndi nsalu ndi mikanda. Nsalu ikatha, cakudya cinkavuta. Malowo anali m'cigwa, anthu anali othithikana, ndipo madzi anaipa. Ana ambiri anafa ndi kamwazi.

Palinso colakwa cacikulu cimene anacita. Anatenga mfuti, nalowa m'nkhondo ya pakati pa Amang'anja ndi Ayao. Anatentha midzi ya Ayao. Anali atangofika kumene. Cinenero sanacidziwe, ndipo mlandu sanaumve bwino. Pambuyo pake iwo omwe anaona kuti nkhaniyo inali yovuta kuposa mmene ankaganizira.

Bishopu Mackenzie sanakhalitse. Anapita kumunsi kwa mtsinje, bwato linagubuduka, mankhwala a malungo natayika m'madzi. Anamwalira pa 31 Januwale 1862, pamene mtsinje wa Ruo ukumana ndi Shire. Otsala anacoka pa Magomero, napita kwa mfumu a Cibisa, kufupi ndi kumene kuli Chikwawa lero. Kumeneko anapeza cilala ndi njala yoopsa. Enanso anamwalira. Bishopu watsopano, William Tozer, anasamutsira mishoni pa phiri la Morrumbala, m'dziko lino la Mozambique, ndipo caka ca 1864 anapita ku Zanzibar. Mudzi woyamba wa Angelezi unatha conco. Midzi yoyandikana nayo itasowa cakudya, alendo naonso analibe podalira.

Tom Bokwito ndi mfumu a Kapeni

Mwa anthu amene anamasulidwa caka ca 1861 munali mnyamata wina, dzina lake Tom Bokwito. Iye anapita ku South Africa, naphunzira pa sukulu ya Lovedale. Patapita zaka anabwerera kwao. Anabwera ndi Henry Henderson, munthu wa ku Scotland amene anatumidwa kudzafuna malo a mishoni yatsopano. Henderson sanadziwe njira. Sanadziwe kulankhula ndi mafumu. Woyenda naye, womasulira mau, ndi womusamala podwala anali Tom Bokwito.

Anafika kwa mfumu ya Ayao, a Kapeni. Mfumuyo inawalola kukhala pa bwinja lina, pakati pa phiri la Ndirande ndi phiri la Soche, pafupi ndi mtsinje wa Mudi. Pa 23 Okutobala 1876 gulu loyamba linafika. Malowo anawapatsa dzina lakuti Blantyre, dzina la mudzi umene Livingstone anabadwira ku Scotland.

Cifukwa ciani a Kapeni analola? Sanali opusa. Masiku amenewo kunali nkhondo, ndipo mfumu inaona kuti alendo okhala ndi mfuti ndi nsalu angathe kukhala chinga pa mudzi wake. Mfumu inapereka malo monga mwa mwambo. Pa mwambo, mlendo amapatsidwa pomanga ndi polima, koma dziko limakhalabe la eni ake. Alendo anamva mwa njira ina. Iwo ankadziwa za kugula malo ndi kulemba pa pepala. Kusamvana kumeneku kunabala milandu yambiri pambuyo pake.

Miyezi yoyamba zinthu sizinayende. Alendo ankadwala malungo, ndipo ankagona m'nyumba zakale za pa bwinja. Anacita kupempha thandizo kwa anzao a mishoni ya Livingstonia, imene inali ku Cape Maclear, m'mbali mwa nyanja. Pakati pa obwera kudzathandiza panali anthu akuda a ku South Africa, monga William Koyi. Pang'ono ndi pang'ono nyumba zinaima m'mizere. Anakumba ngalande yobweretsa madzi kumunda. Analambula mseu wotsikira ku Shire. Amene ankagwira makasu ndi nkhwangwa anali Ayao ndi Amang'anja, ndipo malipiro ao anali nsalu.

Tsiku pa mishoni linkayamba ndi belu. Ana ankalowa m'sukulu kuphunzira zilembo ndi kuwerenga manambala. Ena ankaphunzira kupala matabwa, kuumba njerwa ndi kusoka. Amayi a m'midzi ankabwera ndi malicero a ufa, mbatata, nyemba ndi mazira. Makalata ankadzera ku Quelimane, ndipo ankatenga miyezi panjira. Mzungu akasowa mankhwala a kwinini, moyo wake unali pangozi. Caka ca 1878 wolima dimba wina, Jonathan Duncan, anabweretsa timitengo ta khofi kucokera ku Edinburgh. Caka comweco abale awiri, John ndi Frederick Moir, anayamba nchito ya kampani ya malonda ya African Lakes. John ankavala magalasi a m'maso, ndipo anthu anamupatsa dzina lakuti Mandala. Dzinalo linakhalira sitolo, linakhalira kampani, ndipo nyumba yao ya caka ca 1882 ikali ciimire ku Blantyre. Alendo anapereka dzina la Blantyre, eni dziko napereka la Mandala.

Koma pa mishoni panacitikanso zocititsa manyazi. Anthu othawa ukapolo ankabwera kudzakhala pamenepo, ndipo a mishoni anayamba kuweruza milandu ngati mafumu. Anakwapula anthu ndi zikoti. Caka ca 1879 munthu wina anafa atakwapulidwa, wina anamuombera ndi mfuti atamuganizira mlandu wakupha. Mlendo wina, Andrew Chirnside, anamva zimenezi, nazilemba ku London caka ca 1880. Mpingo wa ku Scotland unacotsa mtsogoleri wa mishoni, Duff Macdonald, pamodzi ndi ena. Akulu ena amati nkhani yotere ana asamve. Koma mwana wa kalasi yoyamba amadziwa kale kuti kumenya munthu womangidwa n'koipa. Akaimva adzaimvetsa.

Caka ca 1881 kunabwera mtsogoleri wina, David Clement Scott. Iyeyu anali wosiyana. Anaphunzira cinenero ca anthu, nakhala pansi ndi akulu kumva mau ndi miyambi. Caka ca 1892 anatulutsa buku lalikulu la mau a Cimang'anja, cimene ndi cimodzi ndi Cinyanja. Anamanganso chalichi cacikulu ca njerwa, kuyambira 1888 mpaka 1891. Iye sanaphunzirepo za kumanga. Anthu amene anaumba njerwa, kuzitentha ndi kuzisanja anali a m'midzi yomweyo, ndipo naonso anali asanamangepo nyumba yotere. Chalichico cikali camphamvu mpaka lero. Pa cithunzi ca chalichi pamalembedwa dzina la Scott. Omanga aja anali ambiri, koma maina ao saoneka pamenepo.

Angoni a ku Domwe

Apa nkhani ifika pakhomo. Angoni a kwa Maseko anakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe, muno mu Angónia. Mfumu yao inali a Cikuse. Caka ca 1884 Scott ndi mkazi wake anayenda ulendo wautali kukaonana ndi mfumuyo. Caka comweco ankhondo a Cikuse anaoloka Shire, nathira nkhondo midzi yozungulira Blantyre. Anthu anathawira m'mapiri, ena pa mishoni. Midzi inapsa, ndipo anthu ambiri anagwidwa. Koma mishoni sanaikhudze. Pa nthawi imeneyo amphamvu anali Angoni, ndipo azungu a pa Blantyre anapulumuka cifukwa mfumu ya ku Domwe sinafune kumenyana nao. Izi sizotamandira nkhondo ai. Amene anavutika caka cimeneco anali anthu wamba, Ayao ndi Amang'anja, ndipo mwana wa Cingoni ayenera kumva zimenezonso.

Pasanapite zaka zambiri, anthu a ku mapiri ano anayamba kutsikira ku Blantyre opanda zishango. Ankapita kukafuna nsalu. Ena ankapalira minda ya khofi. Ena ankagwira nchito ya mtengatenga. Mtsinje wa Shire uli ndi mathithi, ndipo sitima sizidutsa. Conco katundu yense ankatsika pa doko la Katunga, kukwera phiri kufika ku Blantyre, n'kutsikanso ku Matope. Galimoto kunalibe, njanji kunalibe. Munthu mmodzi ankasenza mtolo wa makilo ngati 25 pamutu, kwa masiku angapo. Shuga, malata, mipando, mabuku, zitsulo za sitima, zonse zinayenda pa mitu ya anthu. Mzungu akatopa ankalowa m'macira, anthu namunyamula. Mu mtengatenga munali Acewa ndi Angoni ambiri a m'dera lino.

Caka ca 1891 zinthu zinasintha. Boma la Britain linalengeza kuti dziko la tsidya lija lili m'manja mwake. Bwanamkubwa woyamba anali Harry Johnston, ndipo anakhala ku Zomba. Anabwera ndi asilikali ocokera ku India. Anaika msonkho wa nyumba, masheleni 3. Munthu wosowa ndalama ankayenera kukagwira nchito m'minda ya azungu. Malo aakulu a m'mapiri a Shire analembedwa pa mapepala kuti ndi a azungu, ngakhale pa malopo panali midzi ndi manda.

Pa 11 Juni caka comweco, Angelezi ndi Apwitikizi anasaina pangano la malire ku Lisboa. Anagwirizana kuti mzere udzatsata msana wa mapiri. Kumene madzi a mvula atsikira ku Zambezi kukhale kwa Apwitikizi. Kumene atsikira ku nyanja kukhale kwa Angelezi. Mzerewo unadutsa pakati pa dziko la Angoni a kwa Maseko. Mfumu ya Angoni sinafunsidwe. Amayi okhala ndi munda tsidya ili ndi citsime tsidya lija sanafunsidwe.

A Cikuse anamwalira caka ca 1891, ndipo ufumu unapita kwa mwana wao, Inkosi Gomani. Iwo sanakondwe kuona anthu ao akupita kukagwira nchito kwa azungu ndi kupereka msonkho kwa alendo. Caka ca 1896 asilikali a boma la Angelezi anabwera, nawagwira. Pa 27 Okutobala anawapha ndi mfuti. Manda ao ali m'boma la Ntcheu. Kucokera tsiku limene a Kapeni anapereka bwinja lija kufika tsiku limeneli panapita zaka 20 zokha. Mwana wobadwa pamene alendo ankapempha malo anali akali mnyamata pamene alendo omwewo anapha mfumu.

Kodi tsono a Kapeni ndi a Cigunda analakwa polandira alendo? Sanalakwe. Kulandira mlendo ndi mwambo wabwino, ndipo akale anati mlendo ndi mame, sakhalira kukamuka. Colakwa cinali kwa mlendo amene anakana kukamuka, nafuna kukhala mwini mudzi. Ndipo si alendo onse anali ndi mtima umodzi. Ena anabweretsa sukulu ndi cipatala, nalimbana ndi ogulitsa anthu. Scott yemwe uja anakangana kwambiri ndi Johnston pa nkhani ya nkhondo ndi msonkho. Mwana angathe kusunga zinthu ziwirizi m'mutu mwake. Sukulu inali yabwino, cikoti cinali coipa, ndipo zonse zinalowa pa khomo limodzi.

Muno mu Mozambique munalinso kamudzi ka Angelezi. Kanali ku Chinde, kumene Zambezi athira m'nyanja ya mcere. Pambuyo pa pangano la 1891, Apwitikizi anabwereketsa Angelezi kamalo kumeneko kwa zaka 99, kuti azitsitsirapo katundu wopita ku Blantyre. Anamanga nyumba za matabwa ndi malata pa mcenga. Caka ndi caka madzi ankadya gombe, nyumba zina n'kugwera m'madzi. Caka ca 1922 mphepo yamkuntho inaononga nyumba ndi sitima zambiri. Caka comweco njanji yocokera ku Beira inafika ku Zambezi, ndipo caka ca 1923 Angelezi anacoka. Pa pepala panalembedwa zaka 99, koma anakhala zaka zongopitirira 30.

Mabanja a ku Angónia amaidziwa bwino nkhani ya ulendo ndi njala, kuposa mmene mabuku aidziwira. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha pa 4 Okutobala 1992, anthu ambiri a kuno anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. M'dziko lonse la Malawi munali othawa nkhondo ngati miliyoni imodzi. Anafika ndi mphika ndi kamtolo pamutu. Asanafike a mabungwe ndi matumba a ufa, amene anayamba kuwapatsa phala ndi pogona anali anthu a m'midzi, ambiri a iwo acibale a mfunda umodzi. Nkhondo itatha, othawa aja anathokoza, nabwerera ku mabwinja ao kukalima. Sanayeze minda ya eni ake, ndipo sanaike msonkho.

Agogo amene anaona zimenezi akalipo m'midzi yambiri. Iwo ndiwo angathe kuuza mwana dzina la amayi amene anawapatsa ufa tsiku loyamba, ndi mudzi umene anagona. Aphunzitsi ali ndi maina a Tom Bokwito, a Kapeni ndi a Gomani. Agogo ali ndi maina ena amene sali m'buku lililonse. Mwana akapita ndi amai ake ku msika wa Lizulu, aonetsedwe mseu waukulu uja wocokera ku Dedza kupita ku Ntcheu. Mbali iyi ndi Mozambique, mbali iyo ndi Malawi. Wogulitsa kabichi ali tsidya ili, wogula ali tsidya lija, ndipo akutsatsana mtengo m'Cinyanja.